Njinga yamoto yakale ya mpikisano: ndiyambe ndi mawilo kapena mabuleki?

Funso: Ndili ndi Suzuki GSX-R750 ya 1986, ndipo ndayamba kupita nayo ku bwalo lothamangitsirako njinga masiku amene amalola anthu wamba. Ndikangozungulira kanayi kapena kasanu, liva ya buleki imafewa mpaka kutsala pang'ono kupana zala zanga. Komanso matayala abwino a mainchesi 18 akuvuta kupeza. Ndikuganiza zogula mawilo a mainchesi 17 pamodzi ndi mabuleki a njinga yatsopano, ndimange zonse nthawi imodzi. Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, mavuto amene mwatchulawa ndi awiri, ndipo gwero lake si limodzi. Liva yofewa imabwera chifukwa cha kutentha ndi ukalamba wa zipangizo. Kusowa kwa matayala kukuchokera pa kukula kwa limu. Loyambalo lingathe m'masiku awiri ndi zida zimene muli nazo kale, pomwe lachiwirilo ndi ntchito ya milungu yambiri, yofuna kuyeza, kusemetsa zitsulo ndi kuyezanso. Mukamanga zonse nthawi imodzi, tsiku limene njinga idzayambe kuchita zachilendo pa kona mudzasowa poloza chala. Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi mabuleki amene alipowo, mawilo n'kudikira kaye.

Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Tiyerekeze kuti inu ndi njinga yanu mukulemera makilogalamu 260, ndipo mwatsika kuchoka pa makilomita 200 pa ola kufika pa 80 musanalowe kona. Mphamvu imene mwataya pamenepo ingakwanitse kuwiritsa lita imodzi ya madzi ozizira. Ina imapita ndi mphepo, ina ndi injini, koma yochuluka imathera m'madisiki awiri akutsogolowo m'masekondi anayi okha. Pamsewu kumanga buleki kotere kumachitika mwa apo ndi apo. Pa bwalo mumabwereza kangapo pa kuzungulira kumodzi, disiki isanapume n'komwe, ndiye kutentha kumadutsa m'mapadi, kulowa m'mapisitoni, mpaka kukafika ku mafuta a buleki.

Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 4 amayamwa chinyontho cha mumpweya tsiku ndi tsiku, njinga ikhale ikuyenda kapena ili chiimire. Akakhala atsopano, muyezo umafuna kuti asawire kutentha kusanafike madigiri 230. Akayamwa madzi pafupifupi magawo 3.7 pa 100, malirewo amatsika kufika pa madigiri 155. Akawira mumabadwa nthunzi m'kati, ndipo nthunzi imafinyika pomwe mafuta safinyika, n'chifukwa chake liva imabwera mpaka ku zala. Pali kufooka kwina kumene anthu amakusokoneza ndi kumeneku: liva ili gwa, mukukoka ndi mphamvu zonse, koma njinga sikuima. Amenewo ndi mapadi amene apsa kupitirira msinkhu wake. Chanucho, malinga ndi mmene mwafotokozera, ndi cha mafuta. Thirani atsopano a m'botolo losatsegulidwapo, DOT 5.1 imene imayambira pa madigiri 260, kapena mafuta a mpikisano amene ena amapitirira 300. DOT 5 yopanda kadontho ndi 1 ndi mtundu wina, wa silicone, ndipo siyisakanizidwa ndi enawa. Amene amapita ku bwalo kawirikawiri asamadikire zaka ziwiri za m'buku. Ine ndimatulutsa akale pang'ono m'makalipa, zitsulo zija zokhala ndi mapisitoni opanira mapadi ku disiki, tsiku lililonse la bwalo lisanafike.

Koma mafuta okha sangachiritse kalipa yodwala, ndipo pamenepa m'pamene ndikufuna mukhalitsepo. Masulani kalipa imodzi, chotsani mapadi, ikani kathabwa kopyapyala pakati, wina akoke liva pang'onopang'ono inu mukuyang'ana. Pa njinga ya zaka zimenezi, nthawi zambiri mudzaona pisitoni imodzi ikutuluka mosavuta, yachiwiri ikutsatira monyinyirika, ziwiri zinazo zili chete ngati zowotcherera. Kalipa ya mapisitoni anayi ikugwira ntchito ndi awiri. Padi imakhudza disiki mopendekera, imadyeka mbali imodzi, ndipo pisitoni yomatirirayo siyibwerera mukasiya liva, choncho padi imakhalabe ikukhula disiki ngakhale pa msewu wowongoka, pamene disikiyo imayenera kuzizira. Tulutsani mapisitoni onse. Mukachotsa mphira zake, yang'anani m'kangalande kamene mphirazo zimakhalamo: mudzapezamo zoyerayera zolimba ngati mchere wouma. Zimenezo ndizo zimakankha mphira kuti ifinye pisitoni. Zipaleni ndi kamtengo kosongola kapena kapulasitiki, chitsulo chisalowemo, kenaka tsukani mpaka chala chizidutsa osamva kanthu. Ikani mphira zatsopano, zinyowetseni ndi mafuta a buleki kapena girizi wofiira wopangidwira mphira. Girizi wamba amatupitsa mphira za buleki. Pisitoni yabwino imalowa ndi zala ziwiri zazikulu zokha. Imene ili ndi timaenje ta dzimbiri itayeni. Ntchitoyi imadya tsiku lathunthu ndipo palibe amene adzaione, koma ndaona anthu ambiri atasiya zogula makalipa atsopano atangoimaliza.

Mapaipi a mphira a zaka pafupifupi 40 amatupa akatentha, ndiye mphamvu ya dzanja lanu imathera pofufumitsa paipi. Ikani oluka ndi waya wachitsulo, awiri, aliyense kuchoka ku master cylinder, pampu ya ku handulo imene liva imakankha, kupita ku kalipa yake. Malamulo a mipikisano yambiri amafuna kuti ngati mapaipi agawikana, agawikane pamwamba, osati kufupi ndi tayala kumene paipi ingakodwe. Owerenga ena amene ali ndi njinga ngati Kawasaki GPZ900R yoyambirira, ija ili ndi kachipangizo koletsa kutsogolo kumira kolumikizidwa ku mafuta a buleki, adziwe kuti kameneko nakonso kamafewetsa liva, ndipo ambiri opita ku bwalo amakatseka.

Mapadi gulani a sintered, opangidwa ndi ufa wa zitsulo wowotchera pamodzi, olembedwa HH. A mpikisano weniweni amafuna atenthe kaye kuti agwire, ndipo munthu amene akuphunzira bwalo samawatenthetsa mokwanira. Disiki iliyonse ili ndi malire a kupyapyala kwake olembedwa pa iyo yomwe. Yezani malo angapo, osati m'mphepete mokha muli kamlomo. Ikakhala ndi ming'alu yochokera pa mabowo, yatha ntchito.

Mukachita zonsezi n'kupitanso ku bwalo, m'pamene mungaweruze ngati master cylinder ikufunika kusintha. Ambiri amaganiza kuti yaikulu ndiye yamphamvu, pomwe zake zimayenda mosiyana. Chofunika ndi kukula kwa mapisitoni onse a m'makalipa poyerekeza ndi pisitoni ya ku handulo. Titenge makalipa awiri, iliyonse yokhala ndi mapisitoni awiri a mamilimita 30 ndi awiri a 34. Mukawerengera nkhope zawo zonse pamodzi, zimaposa ya master cylinder ya mamilimita 19 pafupifupi ka 23, ndipo zimaposa ya mamilimita 16 ka 32. Ya 16 imakupatsani mphamvu zambiri ndi zala zochepa, koma liva imayenda mtunda wautali. Ya 19 imalimba msanga, imafuna dzanja, ndipo pa makalipa a mapisitoni ang'onoang'ono imamveka ngati mukufinya thabwa. Choncho yezani mapisitoni anu pamene ali pa tebulo paja, mulembe. Master cylinder ya Brembo 19RCS imatchuka chifukwa ili ndi posinthira pakati pa 18 ndi 20, kumene kumasintha mmene liva imakankhira pisitoni, koma nayonso siyingakhale bwino pa makalipa amene sakugwirizana nayo. Onetsetsaninso kuti liva yatsopano siyikugunda pulasitiki ya kutsogolo handulo ikakhotera kumapeto.

Tsopano za mawilo. Chifukwa chimene mwapereka ndi chomveka, ndipo kwa ine ndi chokhacho chokwanira kusinthira mawilo: matayala. Chiyambire pamene Michelin inatulutsa matayala a radial a njinga za pamsewu mu 1987, opanga njinga zothamanga anakhazikika pa mainchesi 17, ndipo nzeru zonse zatsopano za matayala zakhala zikupita kumeneko. Suzuki yomwe inachoka pa 18 kupita pa 17 pa GSX-R750 ya 1988. Honda inakakamira wilo lakutsogolo la mainchesi 16 pa CBR900RR kuyambira 1992, koma mu 2000 nayo inagonja. Matayala a 18 opangidwira mipikisano ya njinga zakale alipo ndithu, ndipo ngati mukupita ku bwalo kawiri kapena katatu pa chaka, kuwafunafuna kungakhale kopepuka kuposa ntchito imene ndikufotokozayi. Komanso ngati mukulingalira zodzalowa mpikisano wa njinga zakale, werengani malamulo a gulu lanu musanagule kalikonse, poti magulu ena amaletsa mawilo kapena makalipa amene kunalibe m'zaka za njingayo.

Mukasankha 17, yambani ndi tayala, limu ibwere pambuyo. Kutsogolo n'kosavuta: tayala la 120/70 (mamilimita 120 m'lifupi, msinkhu wa m'mbali magawo 70 pa 100 a m'lifupimo) pa limu ya mainchesi 3.50 m'lifupi. Kumbuyo n'kumene mtima umanyenga munthu. Tayala la 180/55 limaoneka bwino, limafuna limu ya 5.50, ndipo pa njinga yanu lidzalimbana ndi tcheni, swingarm (mkono wogwira wilo lakumbuyo), ngakhale felemu. La 160/60 pa limu ya 4.50 ndi lokwanira mphamvu za injini imeneyi, ndi lopepuka, limagona pa kona mosakakamiza, ndiponso ndi muyezo umene Suzuki inaika pa njinga ya 1988 ija. Musapanikize tayala lalikulu pa limu yopapatiza. Limapindika mosayenera, ndipo malo okhudza pansi mukagoneka njinga amachepa m'malo mochuluka.

Chimene ambiri saganizira ndi kutalika. Tayala la 110/80-18 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 633, pomwe 120/70-17 ndi 600. Ekiselo yakutsogolo yatsika ndi mamilimita pafupifupi 17. Kumbuyo, kuchoka pa 140/70-18 kupita pa 160/60-17, yatsika ndi 15. Njinga yonse yayandikira pansi pa nthawi imene mwaiveka matayala olola kugona kwambiri, ndiye zopondapo, ekizozi ndi zivindikiro za injini ziyamba kukhula msanga. Chopondapo chimapindika chikakhula. Chivindikiro cha injini chimanyamula tayala.

Palinso muyezo umene amati trail. Mukajambula mzere kutsata khosi la chiwongolero mpaka pansi, umagwa patsogolo pang'ono pa malo amene tayala likukhudza nthaka. Kampata kameneko ndiko kamachititsa wilo kudziwongola lokha, ndipo pa njinga zothamanga kamakhala mamilimita 100 kapena chapompo. Pa khosi lopendekera madigiri 26, kuchepetsa wilo kuja kumadya mamilimita pafupifupi 8 a trail. Kenaka munthu amati ndikweze kumbuyo kuti ekizozi isakhule. Kukweza kumbuyo ndi mamilimita 25 kumaimiritsa khosi ndi digiri imodzi, n'kudyanso ena 6. Njinga imayamba kukhota mokoma kwambiri, mwiniwake n'kusangalala, mpaka tsiku limene akutuluka kona ali pa moto, kutsogolo kwapepuka, handulo n'kuyamba kumenya uku ndi uku. Kumbukirani kuti GSX-R750 yoyamba inali yopepuka ndi yothamanga magazi kale, moti Suzuki inatalikitsa swingarm pa ya 1986 kuti ikhazikike. Ndiye musanamasule bawuti ngakhale imodzi, yezani njinga mmene ilili: kuchoka pansi kufika pa khosi, kuchoka pa ekiselo yakumbuyo kufika pa malo odziwika pa felemu, ndi mmene mafoloko atulukira pamwamba. Mukakweza kumbuyo, kwezaninso kutsogolo. Steering damper, yochepetsa kumenya kwa handulo, ikani, koma ikhale yothandiza pa mabampu, isakhale yobisa miyezo yolakwika. Wilo laling'ono lakumbuyo limafupikitsanso magiya ndi magawo 4 pa 100 kapena kuposerapo pang'ono, pafupifupi mano awiri a sipuloketi yakumbuyo.

Kulowetsa wilo lachilendo ndi ntchito ya ekiselo, mabelingi ndi masipesa, tizitsulo todzaza mpata m'mbali mwa wilo. Njinga zatsopano zili ndi maekiselo onenepa kuposa zakale. Nthawi zina mwayi umakhalapo pa mabelingi: belingi ya nambala 6204 ndi ya 6303 kunja n'zofanana, mamilimita 47 m'mimba ndi 14 m'lifupi, koma bowo la yoyamba ndi 20 pomwe la yachiwiri ndi 17. Zikatero, wilo la ekiselo ya 20 limakwera pa ekiselo ya 17 popanda kusema wilolo. Koma pakati pa mabelingi awiriwo pali kapaipi kachitsulo kamene kamalandira mphamvu yonse mukamanga nati, ndipo kayenera kupangidwa katsopano, kotalika ndendende. Ndinaphunzira zimenezi pa njinga yanga yomwe. Kapaipi kamene anandisemera kanaperewera ndi theka la milimita, ine osayeza. Pa sitandi wilo linkazungulira bwino. Pofika masana a tsiku loyamba, kumbuyo kunayamba kuyendayenda pa kona, ndipo nditagwira pakati pa wilo panali potentha moti sindinathe kusiyapo dzanja. Nditachotsa belingi, timipira take tinali tabuluu, girizi atauma ngati makala. Nati inkafinya belingi m'mbali tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ndimayeza chilichonse chochokera ku makina osemera ndisanachimange, ngakhale wosemayo ndimamukhulupirira.

Wilo lakumbuyo liyenera kukhala pakati pa njinga, kutsata lakutsogolo, osati pakati pa swingarm, chifukwa ma swingarm ambiri mbali zake n'zosiyana. Imikani njinga chilili, kulungani chingwe kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, kokerani nsonga zonse ziwiri kutsogolo mpaka chingwe chingokhudza m'mphepete mwa tayalalo, ndipo yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi tayala lakutsogolo mbali zonse. Ukhale wofanana. Mukapeza pakati, m'pamene muyang'ane tcheni, ndipo pafupifupi nthawi zonse sipuloketi yakumbuyo idzakhala itatuluka kunja kuposa yakutsogolo. Kukonza kwake ndi kusema chonyamulira sipuloketi, kapena kuika sipuloketi yakutsogolo yotulukira kunja, koma yotuluka kwambiri imalemetsa belingi ya m'giyabokosi. Kusintha tcheni kuchoka pa 530 kupita pa 520 kumapereka mamilimita angapo, poti kutalika kwa mfundo n'kumodzi koma 520 n'chopapatiza. Chimene simuyenera kuchita ndi kusuntha wilo kuti tcheni chiwongoke. Njinga yotero imakhota mosavuta mbali imodzi n'kumakana inayo. Siyani mpata wooneka pakati pa tcheni ndi tayala, chifukwa tayala limakula likatentha ndipo tcheni chimavina. Buleki yakumbuyo ingofunika kugwira ndi kumangika bwino pa chotchinga chake. Pa bwalo siyifuna mphamvu zoonjezera.

Mawilo akale a magnesium amakopa, ndipo kupepuka kwake kumamvekadi m'manja, chifukwa wilo lopepuka limatsata mabampu bwino ndipo silikana kutembenuka. Koma magnesium imadyeka pansi pa penti mosaoneka, ndipo wilo la mpikisano la zaka 30 simudziwa linagwa kangati. Lisakwere pa njinga lisanayezedwe ming'alu ndi anthu odziwa ntchitoyo. Wilo la aluminiyamu lochokera pa njinga ya pamsewu, lowongoka, ndi chiyambi chabwino. Lizungulitseni muone ngati likuyepa. Mabuku ambiri amaika malire pa mamilimita 2, koma la pa bwalo ndimafuna lichepere apo. Ikani mavalavu achitsulo, aafupi, okhala ndi zotsekera za mphira m'kati.

Kutsogolo mudzakumana ndi madisiki a kukula kwina, okhala pa mpata wina, ndiye makalipa anu sadzagwa pamalo pake. Njira ndi ziwiri. Yoyamba ndi mabulaketi olumikizira kalipa ku foloko. Asemedwe kuchokera ku aluminiyamu yolimba ngati 7075, akhale ochindikala, opanda ngodya zakuthwa m'kati, omangidwa ndi mabawuti olimba a giredi 10.9. Disiki idutse pakati penipeni pa kalipa, ndipo padi yonse ikhale pa disiki, isatsale ikulendewera m'mphepete. Chitsulo chodulidwa ndi sowo n'kuboola pa maso chisayandikire pamenepa, chifukwa bulaketi ikathyoka, kalipa imalowa m'wilo. Njira yachiwiri ndi kutenga kutsogolo konse kwa njinga ina: mafoloko, zomangira zake, wilo, madisiki ndi makalipa, zonse zobadwira pamodzi. Kawirikawiri imeneyi ndi yaukhondo, ndipo ntchito imatsala pa mtengo wa khosi ndi mabelingi ake. Chenjerani kuti mafoloko atsopano amakonda kukhala aafupi, ndiye nkhani ya kutalika ndi trail ija imabweranso. Makalipa a radial, amene anayamba kuoneka pa njinga za pamsewu cha mu 2003, sindikuwaona ofunika pa njinga yanu. Malire a kuima kwa njinga yothamanga ndi pamene wilo lakumbuyo layamba kunyamuka, ndipo makalipa wamba a mapisitoni anayi, athanzi, amafikapo.

Mabuleki ogwira ndi matayala omata amakankhira katundu yense ku mafoloko ndi ku khosi. Masipuling'i otopa adzafika pansi mukamanga buleki, tayala n'kuyamba kudumpha. Sinthani mafuta a mafoloko, ikani masipuling'i ogwirizana ndi kulemera kwanu, ndipo mabelingi a khosi akhale atsopano. Yang'ananinso felemu mozungulira khosi ndi pomangira swingarm ngati pali ming'alu.

Mabawuti a makalipa amangeni ndi sipanala yoyeza mphamvu, aboolereni, muwamange ndi waya wa mamilimita 0.8 mokokera mbali yomangira. Chitani chimodzimodzi pa bawuti yotulutsira oyilo ndi timapini togwira mapadi. Ikaninso chotchinga liva ya buleki. Mu 2006, pa mpikisano waukulu wa njinga zamoto wa MotoGP ku Catalunya m'dziko la Spain, liva ya Sete Gibernau inakhudza njinga ya Loris Capirossi polowa kona yoyamba, wilo lakutsogolo linamangika pomwepo, ndipo okwera angapo anagwa. Patapita zaka, zotchingazi zinakhala lamulo mu MotoGP, ndipo mabwalo ambiri amazifuna.

Tsiku loyamba mukatuluka, mapadi atsopano azolowetseni ndi kumanga buleki kwapakatikati kambirimbiri, mukuonjezera mphamvu pang'onopang'ono, osaima nji ndi buleki yogwira pamene disiki yatentha. Mukazungulira katatu bwererani, muyang'ane polumikizira mapaipi ngati pakunyowa, mugwire pakati pa mawilo, ndipo muyeze mpweya matayala akadali otentha, motsata zimene wopanga tayalalo ananena za pa bwalo. Nthawi iliyonse mwabwezera wilo lakutsogolo, kokani liva kangapo mpaka ilimbe njinga isanasunthe, chifukwa mapisitoni amakhala atabwerera m'kati ndipo kukoka koyamba sikugwira kanthu.

Mukamaliza makalipa aja n'kuzungulira nawo tsiku limodzi, ndilembereninso. Munditumizire kukula kwa mapisitoni, kunenepa kwa maekiselo onse awiri, mpata wa m'kati mwa swingarm ndi kutalika kwa mafoloko kuchoka pa ekiselo kufika pamwamba, kuti tione wilo limene lingalowe popanda kusema kwambiri.